Khobidi la ku Nkhudzi: ati n'la Aluya, chonsecho n'la mfumu ya ku China

Ambiri okwera minibasi za ku Monkey Bay amadutsa pa Nkhudzi ali m'tulo. Sitingawanene. Ukachoka pa boma la Mangochi msewu umangoti see, milambe uku, migwalangwa uku, dzuwa likuswa mtengo, ndipo nyanja imene wadzerayo imangosuzumira apo ndi apo kuseri kwa mipanda ya nyumba zopumulirako mabwana a m'tauni. Mphambano yolowera ku Nkhudzi ili pamtunda wa makilomita ngati 20 usanafike ku Monkey Bay. Ukatsika pamenepo umakwera kabaza n'kulowera kum'mawa, ndipo posakhalitsa fungo la usipa wa pathandala limakulandira usanaone n'komwe madzi.

Dera limeneli ndi la Mfumu Nankumba. Phiri la Nkhudzi, lodzadza ndi miyala ikuluikulu ndi anyani opanda ulemu, lili m'gulu la malo otetezedwa a Lake Malawi National Park, yomwe inakhazikitsidwa mu 1980 ndipo bungwe la UNESCO linaiika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse lapansi mu 1984. Pansi pa phirilo moyo ndi wa nsomba basi. M'mawa alovi amakocheza atatopa, amayi ali ndi mabeseni, ogula ochokera ku Limbe ndi ku Lilongwe akunenerera mtengo mokweza mawu ngati pali ndewu. Pagombe umamva Chinyanja, Chiyao ndi Chitonga nthawi imodzi.

Koma dzina loti Nkhudzi lili ndi mbiri ina yomwe ngakhale ana asukulu amene ndinacheza nawo kumeneko sanaimvepo. Katswiri wina wofukula za m'mabwinja, Ray Inskeep, anakumba manda akale pagombe limeneli, ndipo zomwe anapeza anazisindikiza mu 1965. Anapezamo mbiya ndi mikanda yagalasi yochokera kunja, umboni woti eni mandawo ankachita malonda ndi anthu a kunyanja yamchere. Kuchokera apo akatswiri amatchula mtundu wina wa mbiya zakale kuti mbiya za Nkhudzi. Akamayala mbiri ya mbiya za m'chigawo chino amayambira pa za Nkope, zomwe zili ndi zaka zoposa 1,500, kenaka za Kapeni, za Mawudzu, n'kumalizira za Nkhudzi. Nkope weniweniyo ali pafupi pomwepa. Tsono mukaponda mchenga wa kuno dziwani kuti mukuponda pa buku.

Ine ndimatola ndalama zakale. Ena amasunga nkhunda, ena amathera pa bawo, ine changa ndi chimenechi. Ndili ndi matiki, masusu a tambala wakuda a 1964, mashelengi, ndi makobidi abowo a nthawi ya chitaganya aja ali ndi njovu ziwiri zoimirira. Nkhani yotere kumudzi siichedwa kufala. Tsiku lachiwiri ndili pa kanyenya, mnyamata wina anandikodola nati agogo ake akundifuna, ali ndi ndalama yomwe yakanika aliyense kuiwerenga.

Ndinawapeza pakhonde akusoka ukonde. Ndi bambo wa imvi, msodzi wopuma, ndipo anandipempha kuti dzina lawo lisatuluke m'nyuzipepala, ati akuba amawerenganso. Anatulutsa kachitini ka fodya kodzimbirira, m'kati mwake muli chingwe chakuda ndi ukalamba, pachingwepo atungapo ndalama zisanu ndi ziwiri. Zisanu ndi imodzi zinali za bowo lozungulira. Imodzi yokha bowo lake linali la ngodya zinayi, lija timati folokona.

"Mwana wanga, iyi ndi ya Aluya," anatero agogowo. "Taonani kumbuyoku, si Chiarabu ichi? Koma ashehe anaitembenuza uku ndi uku, akuti sizikuwerengeka."

Anapitiriza kunena kuti kunabwera mkulu wina wa jekete wochokera m'tauni yemwe anawauza kuti ndalama zotere zili ndi mankhwala m'kati, azungu amazifuna kwabasi, ndipo iyi yokha ingagule injini ya boti. Mkuluyo anapempha kuti aitenge akaiyezetse ku Blantyre, adzabweretsa ndalama pobwera. Agogo anakana. Paja fodya wako ndi amene ali pamphuno. Koma mtima unali usanakhale pansi: nanga ikakhala kuti ndi zoona?

Ndalama yake ndi yaing'ono, mulifupi mamilimita 25 nditaiyeza ndi rula ya mdzukulu wawo, mtundu wake wachikasu chodera ngati chigwinjiri chakale. Kumaso kuli zilembo zinayi zozungulira bowo: china pamwamba, china pansi, china kumanja, china kumanzere. Kumbuyo kuli zolemba ziwiri zopotanapotana, china mbali iyi china mbali iyo.

Choyamba chimene wotola ndalama amayang'ana ndi bowolo. Makobidi abowo omwe makolo athu ankagwiritsa ntchito, a Southern Rhodesia ndi a chitaganya a 1955 mpaka 1963, onse bowo lake ndi lozungulira, ndipo anachita kudindidwa ndi makina. Bowo la folokona ndi chizindikiro cha maiko anayi: China, Japan, Korea ndi Vietnam. Kumeneko ndalama sankadinda ayi. Ankasungunula mkuwa n'kuuthira m'zikombole zamchenga, monga momwe anyamata athu amaumbira mapoto a aluminiyamu. Zikazizira ankazitunga pa kamtengo ka ngodya zinayi kuti zisamazungulire, n'kumapala m'mbali mwake ndi tupa, zambirimbiri nthawi imodzi. Ntchito ya bowo inayambira pamenepo. Kumsika bowo lomwelo linkathandiza kutunga ndalamazo pachingwe, ndipo chingwe chathunthu chinkawerengedwa kuti ndi ndalama 1,000. Tangoganizani munthu akupita kukagula ng'ombe atasenza chikwama chake paphewa ngati mkoko wa nthochi.

Vuto ndi lakuti maiko anayi onsewa ankalemba ndi zilembo za Chitchaina, ndipo ndalama zawo zimafanana ngati ana a mimba imodzi. Apa ndiye pofunika kutembenuza. Za ku Japan zofala kwambiri, zotchedwa Kan'ei Tsuho, zomwe boma lawo linayamba kuumba mu 1636, kumbuyo kwake kumakhala kopanda kanthu, kapena kachilembo kamodzi, kapena mizere yokhota ngati mafunde a mwera. Za ku Korea, Sangpyeong Tongbo, zomwe zinafala kuyambira 1678, zimakhala ndi zilembo pamwamba ndi pansi zosonyeza kumene zinaumbidwira ndi nambala yake. Za ku Vietnam zambiri ndi zopyapyala, zina ndi za zinki, zotuwa, zosachedwa kuthyoka. Za ku China zakale zedi, monga Kaiyuan Tongbao ya m'chaka cha 621, zambiri kumbuyo kulibe mawu.

Nanga "Chiarabu" cha agogochi? Ashehe sanalakwe kulephera. Chimenechi ndi Chimanchu. Mu 1644 mtundu wa Amanchu, ochokera kumpoto chakum'mawa, unalanda ufumu wa China n'kuulamulira mpaka 1912, ndipo pa ndalama zawo ankalemba Chitchaina kumaso, chinenero chawo kumbuyo. Chimanchu amachilemba chotsika, kuchokera pamwamba kupita pansi, zilembo zake zolumikizana. Mukachigoneka cham'mbali chimaonekadi ngati cha ku madrasa, ndipo kufananako sikwangozi: kalembedwe kameneka anakatengera kwa Amongolia, iwonso anakatengera kwa mitundu ina ya pakati pa Asia, mpaka muzu wake umakafika ku kalembedwe ka Chiaramu komwe Chiarabu nacho chinachokera. Ndi pachibale, koma chibale cha kutali, chosalirana maliro. Nditawafotokozera izi agogo anaseka chikhakhali, ati ndiye kuti ashehe anakumana ndi msuweni wawo osamuzindikira.

Ukangoona Chimanchu wadziwa kale kuti ndalamayo ndi ya ku China, ya mafumu a mtundu umenewu. Chotsala ndi dzina la mfumu. Zilembo zinayi za kumaso siziwerengedwa mozungulira ngati wotchi: umayamba cha pamwamba, kenaka cha pansi, kenaka cha kumanja, n'kumalizira cha kumanzere. Ziwiri zomalizazo pafupifupi nthawi zonse zimati tong bao, kutanthauza chuma choyenda paliponse. Ziwiri zoyambazo ndiye dzina la ulamuliro wa mfumu. Munthu safunika kudziwa Chitchaina. Mafumu a Amanchu amene analamulira China anali khumi okha, ndiye umangofanizira ndi zithunzi za m'buku, mmodzimmodzi, modekha. Buku lomwe otola ndalama ambiri amadalira ndi la David Hartill, Cast Chinese Coins, la mu 2005. Kuona maso a nkhono n'kudekha: tinakhala pamkeka ine, agogo ndi adzukulu atatu, tikuwerenga timizere ta chilembo chilichonse, ndipo amene anayamba kufuula kuti "ndi ichi!" anali mtsikana wa Sitandade 6.

Zilembozo zikuti Qianlong Tongbao. Qianlong ndi mfumu yomwe ndalama zake zinaumbidwa kuyambira 1736 mpaka 1795, zaka 60 zathunthu pampando, kuposa a Ngwazi kawiri. Kumbuyo, mawu a kumanzere amati boo, ndiye kuti chuma, a kumanja amatchula nyumba youmbira. Pa iyi pakuti ciowan, kusonyeza kuti inatuluka ku nyumba ya unduna wa zachuma mu mzinda wa Beijing.

Kodi ndi yeniyeni? Funso limeneli ndi lofunika chifukwa masiku ano m'mashopu a katundu wa ku China mumapezeka timakobidi tonyezimira tomangidwa ndi ulusi wofiira, ta mwayi ati, topangidwa dzulodzuloli ndi makina. Timeneto timakhala tosalala mbali zonse, topepuka, tofanana ndendende. Ya agogoyi pakati pa zilembo pali timiyalamiyala ta mchenga wa chikombole, zilembo zinaperepeseka ndi manja a anthu, ndipo maginito a mu sipika ya wailesi sanaigwire. Ndi yeniyeni, ndipo zaka zake zaposa 230.

Apa nkhope ya agogo inawala, ndipo apa pomwe ndi pamene panali povuta kuyankhula. Ukalamba wa ndalama sindiwo mtengo wake. Mtengo umabwera ndi kusowa. Mu ulamuliro wa Qianlong ndalama zotere zinkaumbidwa mamiliyoni osawerengeka chaka ndi chaka, ndipo zinagwirabe ntchito m'misika mpaka kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Ogulitsa zakale ku Ulaya ndi ku Asia amaziika m'mbale ngati mtedza, imodzi dola imodzi kapena ziwiri. Za mankhwala a m'kati ndi bodza lamkunkhuniza. Muli mkuwa ndi zinki, mwina ndi mtovu pang'ono, basi. Mkulu wa jekete uja akanapita nayo sakanalemera nayo, koma agogo sakanamuonanso.

Anakhala chete kanthawi, akuyang'ana kunyanja. Kenaka anafunsa funso lomwe linali labwino kuposa la mtengo: "Nanga inafika bwanji kuno?"

Mtima wa munthu wokonda mbiri umathamangira ku nkhani yokoma. Zaka za Qianlong ndi zomwezo pamene malonda a Ayao a minyanga ya njovu anakula, maulendo akupita ku Kilwa ndi ku chilumba cha Mozambique, kobwerako atasenza nsalu ndi mikanda. Pambuyo pake malonda omwewo anasanduka a akapolo, ndipo midzi ya Mponda ndi Makanjira inatchuka nawo. Katundu wa ku China anafikadi m'dziko muno kalekale. Ku Mankhamba, likulu la a Kalonga pafupi ndi Mtakataka, Dr Yusuf Juwayeyi anafukula zidutswa za mbale zadothi za ku China pamodzi ndi mikanda yagalasi, ndipo anazilemba m'buku lake la mu 2020. Kuchoka ku Nkhudzi kupita ku Mtakataka ndi ulendo wa maola ochepa kudzera msewu wa Golomoti. Kugombe la nyanja yamchere ndalama zenizenizo zapezekapo: ku Kajengwa, pa chilumba cha Zanzibar, mlimi anatulukira mulu wa ndalama za ku China zoposa 170 mu 1945, ndipo mu 2013 akatswiri anafukula pa chilumba cha Manda ku Kenya ndalama ya mfumu Yongle, yemwe anamwalira mu 1424, uja ankatumiza zombo za Zheng He mpaka ku Malindi.

Zonsezi ndi zoona, koma sizikukhudza kachitini ka agogo. Ndalama ya ku Manda ili ndi mawu chifukwa inapezeka pansi, m'dothi losasokonezedwa, pamodzi ndi zinthu zina zomwe akatswiri anatha kuziyeza zaka. Ndalama payokha imangokuuza tsiku lobadwa. Za ulendo wake amakuuza ndi anzake amene yagona nawo.

Ndiye tinabwerera ku chingwe chija. Zinayi zinali makobidi a chitaganya, a njovu. Yachisanu inali ya 10 cents ya East Africa ya 1942, ya minyanga yopindika mozungulira bowo, yomwe inkayenda ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika. Yachisanu ndi chimodzi inali kakang'ono kopyapyala, bowo lalikulu ngati wochapira bawuti: 1 pice ya ku India ya 1944. Ndinafunsa mwini chitinicho poyamba anali ndani.

"Amalume anga," anatero agogo. "Aja anapita ku nkhondo ya Hitler. Ankati anakafika ku Bama."

Basitu. Asilikali a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ankadzera ku Kenya, kukwera sitima ya pamadzi kupita ku Ceylon ndi ku India, ndipo mu 1944 anamenyana ndi Ajapani m'chigwa cha Kabaw ku Burma, m'nyengo ya mvula yosakata, ali m'gulu la 11th East African Division. Burma imachita malire ndi China, ndipo m'mizinda ya kumeneko ndi ya ku India monga Calcutta munali Atchaina ambiri amalonda. Chingwechi tsono chikuyenda momwe anayendera msilikali: Kenya, India, malire a China, kenaka kwawo, kumene anadzaonjezerapo makobidi a chitaganya atabwerako. Mwa kuona kwanga, ndalama ya Qianlong inabwera m'thumba la yunifolomu ya Keyala, osati pamutu pa wonyamula minyanga. Mnyamata wa kunyanja ali kutali ndi kwawo ankangotola ndalama iliyonse yabowo, chifukwa ndi imene ingatungike pachingwe osatayika m'matope. Wotola ndalama woyamba m'banjamo anali iyeyo.

Njira zina zilipo zomwe ndalama zotere zingafikire m'midzi yathu, ndipo amene muli nazo m'masutikesi a makolo muziganizire. Pakati pa 1904 ndi 1910 migodi ya golide ya ku Joni inalemba Atchaina oposa 60,000, ndipo amuna a kuno akhala akupita ku migodi yomweyo. M'zaka za m'ma 1950 asilikali athu anapitanso ku Malaya, dziko la Atchaina ambiri. Amwenye a masitolo a ku Fort Johnston, dzina lakale la Mangochi, anali ndi abale kutsidya la nyanja yamchere. Iliyonse mwa njira zimenezi imasiya zizindikiro zake: chitupa cha Wenela, mendulo, kalata, ndalama zinzake. N'chifukwa chake chinthu choipitsitsa chimene mungachite ndi kudula chingwe n'kugulitsa imodzi yooneka yachilendoyo. Chachiwiri ndi kuikwecha ndi phulusa, mandimu kapena mchenga kuti iwale. Kuderako ndi chikopa chake, mukachichotsa otola ndalama saifunanso.

Chomwe chinandidetsa nkhawa ku Nkhudzi si agogowa ayi, koma anyamata amene anatizungulira. Mphekesera ya mkulu wa jekete inali itawalowa kale. Mmodzi anandifunsa monong'ona ngati ndikudziwa malo pamene mzungu uja anakumba, ati mwina anasiyako zina. Mu 2024 nyanja inakwera kwambiri mpaka kulowa m'nyumba ndi m'malo ogona alendo m'mbali mwa gombe la Mangochi, ndipo madzi akamadya mtunda chotere mapale ndi mikanda zimatulukira zokha. Mnyamata wopanda ntchito, usipa ukuvuta, wina n'kumuuza kuti pansi pali injini ya boti, khasu silichedwa kugwira ntchito usiku.

Achimwene, m'mandamo mulibe injini. Muli mikanda yomwe pamsika singakugulireni ngakhale thumba la ufa, koma ikakhala pamalo pake imauza akatswiri kuti anthu a kuno ankagula chiyani, kwa yani, liti. Mukaifukula n'kuithira m'botolo yasanduka ngati khobidi lodulidwa pachingwe. Komanso lamulo la Monuments and Relics Act limaletsa kukumba zakale popanda chilolezo cha boma, osanenanso za mwambo wathu, womwe munthu wofukula manda umamutchula dzina lina lomwe sindilemba pano. Mukatola chinthu chachilendo pagombe, lembani malo ake ndi tsiku, muuze amfumu, ndipo mukapita ku boma kafunseni ku Lake Malawi Museum, pafupi ndi nsanja ya Queen Victoria ndi mlatho wa Bakili Muluzi. Safunsa anadya phula.

Agogo sanafune zambiri. Anatuma mtsikana wa Sitandade 6 uja kuti ang'ambe pepala pakati pa kope lake, nandiuza kuti ndimutchulire pang'onopang'ono kuti alembe yekha: Qianlong, Beijing, 1736 mpaka 1795. Pansi pake anamuuza alembe dzina la amalume awo ndi mawu oti Bama, 1944. Dzina la mfumuyo linawavuta lilime, anangoti Che Chiyanilongo, ana n'kugwa nacho chiseko. Anapinda pepalalo kanayi, naliika m'chitini pamodzi ndi chingwe, natseka.

"Za injini tiona mwezi ukada," anatero akutola ukonde wawo. "Mwina usipa ugwa."